Abwana andilembera kuti ndinali "unconcerned", kodi akundiyamikira kapena akundinena?

NaPhiri_Leeds
Abale, ndithandizeni ndisanakayankhule zopusa mu ofesi. Ndimagwira ntchito pa nyumba yosamalira okalamba kuno ku Leeds, ku England, chino ndi chaka chachiwiri. Lachiwiri usiku agogo ena aakazi anagwa m'bafa, ndipo woyamba kufika ndinali ine. Sindinakuwe kapena kuthamangathamanga. Ndinagwada pambali pawo, n'kuwauza kuti asadzuke, n'kuwafunditsa thaulo poti pansi pankazizira, kenako ndinaliza belu kuitana nesi. Anatiphunzitsa kuti munthu akagwa usamudzutse mpaka nesi aone ngati sanathyoke m'chiuno kapena kumenyetsa mutu. Agogowo ali bwino, anangosupuka pachigongono.

Lero abwana andipatsa pepala loti ndisaine. Pali mzere wakuti "she appeared unconcerned". Nditawerenga ndinamwetulira, ndimayesa akuti ndinalimba mtima. Koma mnzanga wa ku Ghana atasuzumira anagwira pakamwa. Ndiye zili pati? Pepalalo lili m'chikwama, sindinasaine.

Bambo_a_Tadala
Musasaine kaye achemwali. Zinazo tikambirana, koma cholembera chikhale patali.

MphunzitsiWopuma
Mwana wanga, ndinaphunzitsa Chingerezi ku sekondale mpaka kupuma ntchito, ndipo mawu amenewa ankawagwetsa ana ambiri. Tiyambire pa tsinde lake, concern. Tonse tinanyamulapo kalata yoyamba ndi "To whom it may concern", kutanthauza kwa aliyense amene nkhaniyi ikumukhudza. Apo concern ndi kukhudza. Koma munthu akati "I am concerned about my mother" akuti akuwadera nkhawa mayi ake. Tsinde limodzi lomwelo lanyamula kukhudza ndi nkhawa. Tsono un- wa kutsogoloyo ndi wokana, ngati si- kapena osa- wathu.

Ndiye unconcerned angakhale munthu amene alibe nkhawa chifukwa akudziwa kuti palibe choopsa, mtima uli m'malo. Angakhalenso munthu amene pali choopsa ndithu koma iye sakulabadira. Mawuwo paokha sasankha mbali. Chimene chimasankha ndi zimene zikuchitika pamalopo. Mwana akusewera pabwalo, mvula ili kutali, ali unconcerned, palibe mlandu. Nkhalamba ili pansi m'bafa, wosamalira ali unconcerned, pamenepo ndiye pali mlandu. Ndikupepesa, koma abwana anuwo sanakuyamikireni.

NaPhiri_Leeds
Mayo ine. Ndiye ndimasekerera chitonzo? Zikomo aphunzitsi, koma mtima wandipweteka.

Kabaza265
Pa Chichewa chachidule: akuti munalibe nazo ntchito. Basi.

Mai_a_mapasa
A Kabaza265, si nthawi zonse. Ine mawuwa ndinawamva tsiku lina ndipo anandigonetsa tulo. Mmodzi wa mapasa anga anatuluka kachotupa kuseri kwa khutu, kolimba ngati nsawawa. Masabata awiri sindinkadya bwino. Tili kuno ku Johannesburg, dokotala anakagwiragwira, anamuyang'ana kukhosi, n'kundiuza kuti ndi mwanabere wobwera ndi chimfine. Pa kalata yopita kwa dokotala mnzake analemba kuti anali unconcerned ndi chotupacho. Ndinafunsa mlamu wanga kuti kodi dokotalayu akuti alibe nazo ntchito za mwana wanga? Anaseka n'kuti ayi, akuti sakuona choopsa. Patapita masabata angapo kanaphwa kokha. Ndiye dokotala akakhala unconcerned, iwe vina.

Kabaza265
Chabwino mayi, ndagonja theka. Koma wa m'bafayo sitingavine naye.

MphunzitsiWopuma
Mai_a_mapasa mwabweretsa chitsanzo chabwino kuposa changa. Onani kusiyana: dokotala uja ananena za iye mwini, atapima. NaPhiri sananene yekha, wina ndiye anamuyang'ana nkhope n'kulemba. Ndipo musaiwale liwu lija loti appeared. Sanalembe kuti anali, alemba kuti ankaoneka. Wolembayo akuvomera yekha kuti zamumtima sakuzidziwa.

NesiWaUsiku
Achemwali NaPhiri, ine ndine nesi ku Manchester, ndakhala kuno nthawi yaitali, ndipo nkhani yanuyi si yachilendo. Mundilole nditalikitse pang'ono.

Kwathu tinakula tikuuzidwa kuti pa ngozi munthu wamkulu sabalalika. Mwana akapsa ndi phala, mayi amene akukuwa n'kumadzigwetsa pansi timamuti akuwonjezera moto, wanzeru ndi amene wathamangira madzi ali duu. Komanso pamaso pa abwana timayang'ana pansi, timayankha mwachidule, ndiwo ulemu. Kuno zimenezo amaziwerenga mosiyana. Akakufunsa kuti chachitika n'chiyani iwe n'kuyankha ndi mawu atatu, maso ali pansi, nkhope ili zii, iwo amati ameneyu sizikumukhudza. Amayembekezera kuti nkhawa imveke pakamwa: ndinachita mantha, ndinaopa kuti athyoka, kodi ali bwanji tsopano. Ife zimenezo timazisunga m'mimba.

Ine chaka changa choyamba anandiuzapo kuti ndine wozizira kwa odwala. Ndinakalira m'chimbudzi. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kunena mokweza zimene ndikuchita ndi zimene ndikuopa, ngakhale ndimadzimva ngati ndikuchita sewero.

Tsono za pepalalo. Lipoti la ngozi limayenera kunena zimene zinachitika: nthawi yake, anamupeza ndani, anachita chiyani, nesi anafika nthawi yanji. Maganizo a munthu pa nkhope ya mnzake si umboni. Pemphani kuti mulembepo mbali yanu musanasaine, mutchule chimodzichimodzi: kugwada, thaulo, belu. Muwafunsenso mwaulemu kuti n'chiyani chimene anaona chimene chinawapangitsa kulemba mawuwo. Mapepala oterewa amakhala mu faelo, ndipo a CQC, amene amayendera nyumba zoterezi ku England, akabwera amatha kuwerenga zolembedwa. Ngati muli m'bungwe la ogwira ntchito, auzeni lero lomwe.

NaPhiri_Leeds
Anesi, mwandifotokoza ngati munalipo. Abwana atafika anandifunsa, ine ndinangoti agwa, ndaitana nesi. Ndinali chigwadire, dzanja langa lili pa phewa la agogowo. Mawondo ankanjenjemera koma ndani akanaona, ndinali nditavala buluku la yunifolomu.

Mbare_Nyasa
Kuno ku Harare Ashona amati "handina basa nazvo". Liwu ndi liwu ndi ndilibe nazo ntchito. Agogo anga anabwera kuno nthawi ya Federation, chitaganya chija cha Rhodesia ndi Nyasaland, ankati anthu onse akafuna kukana mnzawo amatchula ntchito.

Wa_ku_Chipata
Ifenso kuno timati nilibe nazo nchito. Koma ija ndi yamwano, munthu amanena yekha ndi pakamwa pake, mwina atakwiya. Unconcerned sindinamvepo munthu akukalipa nayo. Imakhala m'nyuzipepala ndi m'malipoti.

MphunzitsiWopuma
Mwalasa a ku Chipata. Mngerezi akakwiya amati "I don't care". Unconcerned ndi liwu lovala jekete, la wolemba amene akufotokoza za munthu wina. N'chifukwa chake limapweteka mochedwa, ulimva utafika kale kunyumba.

MlongoWaKuTete
Ife a Chipwitikizi tili ndi despreocupado, koma ameneyo nthawi zambiri ndi munthu wosadandaula za moyo, woyenda akuimba mluzu. Ndikanakhala ine ndikanasaina ndikuseka ngati NaPhiri. Zilankhulo za azunguzi zidzatipha.

Ndilipo_Ndithu
Ine ndiyankhule zosakoma. Tonse pano tathamangira kuikira kumbuyo mlongo wathu, chabwino. Koma tisadzinamize kuti Amalawife kukhala chete kwathu konse ndi ulemu. Matenda a kusalabadira tili nawo, ndipo ndi aakulu. Mwezi watha ndinapita ku ofesi ina kukatenga kalata ya malemu bambo anga. Ndinafika 8 koloko. Mayi wa pa kauntala ankadya mandasi, foni ili pakhutu, akukamba za chinkhoswe cha mphwake. Kutsogolo kwanga kunali agogo ochokera kutali, atagwira envelopu yonyowa ndi thukuta. Mayiyo sanadzutse n'komwe mutu, anangoti bwerani mawa. Agogo aja anati ndalama yobwerera mawa ndilibe, iye anapitiriza nkhani ya chinkhoswe. Ameneyo mungamutchule dzina lanji? Sindikuti NaPhiri ndi wotero, koma mwina abwanawo anaonapo anthu otero.

Bambo_a_Tadala
Akulu, mwasakaniza nkhuku ndi nkhanga. Mayi wa mandasiyo sanachite kanthu. NaPhiri anagwada pansi pozizira.

Ndilipo_Ndithu
Ndavomera. Ine ndimangoti liwulo lili ndi eni ake, ndipo ena mwa iwo ndi athu omwe.

MlembiWaKhoti
A Ndilipo_Ndithu atithandiza mosadziwa, chifukwa Chichewa chimawasiyanitsa anthu awiriwa pomwe Chingerezi chawaika m'thumba limodzi. Mayi wa mandasi ndi wosalabadira, wonyalanyaza, wotayirira ntchito. NaPhiri ndi wosatekeseka, wodekha, wolimba mtima. Ndinagwirapo ntchito yomasulira, ndipo liwu ngati limeneli likabwera umayamba wafunsa kuti wolankhulayo akufuna uti. Ukati sanatekeseke, munthu uja wamuveka ulemu. Ukati sanalabadire, wamumangitsa. Palinso lachitatu limene aphunzitsi sanalitsindike: munthu amene nkhaniyo si yake n'komwe, wongodutsa. Ameneyo timati sizikumukhudza, ndipo si mlandu. Mkangano wa malire a munda wa eni, iwe mlendo ulowererapo chiyani?

Kabaza265
Koma sizikumukhudza imatha kukhala yonyoza. Mkazi wanga amandiuza daily kuti ndimakhala ngati za sukulu fizi sizikundikhudza.

Mai_a_mapasa
Ndiye lipirani fiziyo bambo, musatisokoneze.

MlembiWaKhoti
Mwamva kuti anati "ngati"? Ndi appeared uja wa abwana a ku Leeds. Akazi anu ndi abwanawo anaphunzira sukulu imodzi.

Mwana_wa_Form4
Pepani makolo, ndilowe nawo. Ndikukonzekera MSCE. Kodi unconcerned, uninterested ndi disinterested ndi chimodzimodzi? Nanga pambuyo pake timaika about kapena with?

MphunzitsiWopuma
Wafunsa bwino mwanawe. Uninterested ndi munthu amene nkhaniyo sikumukoka mtima, ngati mmene ena amagonera m'kalasi ya masamu. Disinterested ndi wosakondera, amene sapindulapo kanthu mbali iliyonse, monga ayenera kukhalira woweruza kapena refu wa mpira. Refu wa masewero a Bullets ndi Wanderers akhale disinterested, koma akakhala uninterested bwalo lonse limugenda. Angerezi enieniwo ambiri amasakaniza awiriwa pakuyankhula, koma pa mayeso usatero.

Za about ndi with: ukati unconcerned about, nthawi zambiri ukunena za kusada nkhawa ndi chinthu choti ena chikuwaopsa. Ukati unconcerned with, ukunena kuti munthuyo chinthucho sachiika pamtima kapena sali nacho mbali, monga mmisiri amene amangoona kulimba kwa mpando osati kukongola kwake. Palinso by, pamene chinthu chachitika koma sichinamugwedeze. Malire ake si a waya waminga, amalowerana.

Ndiwonjezere kanthu kokoma. Concern anachokera ku Chilatini, ndipo muzu wake unkanena za kusefa, monga amachitira mayi ndi sefa ya ufa. Zimene zasefedwera pamodzi zasakanikirana, zakhudzana.

Kabaza265
Ndiye unconcerned ndi gaga wotsala pamwamba pa sefa.

MphunzitsiWopuma
Ukanakhala m'kalasi mwanga ndikanakupatsa malikisi, kenako n'kukutulutsa panja.

Area25_Finest
Inu mukukamba za unconcerned, ine ndimadabwa ndi mnzake uja. Dziko lathu ladzaza ndi ma "concerned citizens". Kukangochitika kanthu, mawa lake gulu la nzika zokhudzidwa lili pa hotela likuchititsa msonkhano wa atolankhani, madzi a m'botolo ali patebulo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, okhudzidwa enieni anali amayi a pamsika ndi ife a pa mzere wa mafuta, koma ife palibe anatiitanira kamera.

Ndilipo_Ndithu
Apo ndiye tagwirizana. Ena amakhudzidwa pokhapokha envelopu ikawakhudza.

Bambo_a_Tadala
Ndale zayamba. Mlongo wathu ali ndi pepala m'chikwama, inu muli pa hotela.

Soche_Kumtunda
Mundikhululukire, ndipatukenso pang'ono, koma zikugwirizana. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy asanafike, a zanyengo anachenjeza pa wailesi. Ine ndimakhala m'munsi mwa phiri la Soche. Ndinamva, ndinati mvula ndi mvula, tinaionapo. Ndinapita kukagula makala ngati tsiku lina lililonse. Zimene zinachitika ku Chilobwe mukuzidziwa, matope ndi miyala kutsika usiku, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ine ndikaganiza za tsiku lija ndimadziona kuti ndinali unconcerned weniweni, wa mtundu woipa uja. Nyumba yanga inatsala mwa chisomo chabe.

Mayi_Chilobwe
Inu nenani za inu nokha bambo. Ife tinamva chenjezo ndipo tinaopa. Usiku umenewo sindinagone, ndinkangomvetsera phokoso la madzi. Koma ndikanapita kuti ndi ana anayi, nyumba ya lendi, katundu yense ali momwemo? Pambuyo pake ndinamva anthu ena akuti a m'mapiri aja anachenjezedwa koma sanalabadire. Zinandiwawa kuposa matope. Munthu akakhala phee si kuti alibe mantha, nthawi zina alibe kolowera.

Soche_Kumtunda
Pepani mayi. Ndanena za mtima wanga wokha, wanu sindinauone.

Mkulu_wa_Mpingo
Mayi_Chilobwe andikumbutsa Marko mutu 4. Namondwe ali pa nyanja, ngalawa ikudzaza madzi, Yesu ali m'tulo kutsigiro. Ophunzira anamudzutsa ndi funso lomweli la abwana a ku Leeds, loti kodi sizikukukhudzani kuti tikufa? Iwo anaona tulo n'kuganiza kuti sasamala. Koma ku Machitidwe 18 kuli Galiyo, nduna ya Aroma ku Akaya. Munthu ankamenyedwa pamaso pa mpando wake woweruzira, iye osalabadira. Onse awiri ukawaona ndi maso ali phee. Mmodzi anadzuka n'kuletsa mphepo, winayo anangokhala.

Kabaza265
Abusa, chopereka titumize pa Mpamba kapena Airtel Money?

Mkulu_wa_Mpingo
Yambani mwalipira fizi ija.

NesiWaUsiku
Tibwerere kwa NaPhiri. Achemwali, mukakalowa mu ofesi musakayambe ndi mawu oti tsankho, ngakhale mutaganiza choncho. Mukangotero chitseko chimatsekeka. Kayambeni ndi funso: ndi chiyani chimene ndikanachita mosiyana? Akakatchula chinthu chenicheni, monga kuchedwa kuliza belu, mverani. Akakangoti nkhope yanu, apo ndiye muwafotokozere mmene tinaleredwera.

Ndilipo_Ndithu
Koma bwanji nthawi zonse ndife amene tiyenera kusintha? Iwo sangaphunzire kuti anthu amaonetsa nkhawa mosiyana? Chiyambire 2022 pamene anatsegula ma visa a ntchito yosamalira anthu, nyumba zimenezi zadzaza ndi anthu a ku Africa ndi ku India. Akadali kuyeza aliyense ndi nkhope ya ku Yorkshire, dera limene kuli Leeds?

Bambo_a_Tadala
Si inu munkati abwanawo mwina akunena zoona?

Ndilipo_Ndithu
Munthu saloledwa kusintha maganizo pa gulu lino?

NesiWaUsiku
Funso lanu ndi loona akulu, ndipo ena mwa mabwana amaphunzira ndithu. Koma visa ya NaPhiri yamangiriridwa pa ntchito imeneyi. Amene agwira mpeni ku chigwiriro ndi iwo. Choyamba faelo ikhale yoyera, maphunziro a chikhalidwe abwere pambuyo.

MlembiWaKhoti
Ndipo ngati angavomere kusintha, apempheni alembe calm kapena composed. Amenewo ndiwo wodekha wathu uja, alibe mbali yachiwiri yoluma.

Mwana_wa_Form4
Ndalemba zonse m'kope. Nanga nonchalant?

MphunzitsiWopuma
Ameneyo ndi mnyamata wolowa m'kalasi mochedwa, manja m'thumba, akutafuna chingamu, kufuna kuti aliyense aone kuti sakuopa. Unconcerned sadzionetsera, nonchalant amadzionetsera pang'ono. Tsono kagone, mawa kuli sukulu.

NaPhiri_Leeds
Abale, ndabwera ndi lipoti. Ndinalowa mu ofesi m'mawa uno nditatsiriza shifiti, pepala lili m'manja, mbali yanga nditailemba usiku pa tebulo la kukhitchini monga ananenera anesi. Ndinafunsa kuti anaona chiyani. Abwanawo anakhala kaye chete, kenako anati nditawayankha sindinawayang'ane, ndipo mawu anga anali ngati ndikuwerenga mndandanda wa zogula. Ndinawauza kuti sindinawayang'ane chifukwa maso anga anali pa agogowo, ndinkaona ngati milomo ikusintha mtundu. Ndinawauzanso kuti kwathu ukakuwa pamaso pa wovulala umamuwonjezera mantha. Za mawondo onjenjemera ndinanenanso, ngakhale ndinachita manyazi.

Sanafufute mzere wawo. Anati zimene analemba ndi zimene anaona tsikulo. Koma anawonjezera pansi pake kuti ndinatsata ndondomeko yonse ndipo ndinakhala calm, n'kumata pepala langa kumbuyo ndi sitepula. Ndasaina. Kaya ndapambana kaya ndagonja, inu ndi amene munene.

Ndilipo_Ndithu
Akanafufuta. Ine sindinakhutire.

NesiWaUsiku
Jambulani mapepala onse awiri pa foni, musunge.

NaPhiri_Leeds
Ndajambula kale. Potuluka ndinadutsira kuchipinda kwa agogo aja. Za kugwa aiwala, koma anandigwira dzanja n'kundifunsa ngati ndine uja wa thaulo. Tsopano ndikagone, ndibwereranso 8 koloko usiku.